Zonyamula pa ulendo wa njinga wa masiku anayi, kuchokera ku Salima mpaka ku Nkhata Bay

Anthu ambiri amene ndawaonapo akubwerera panjira pa ulendo wautali wa njinga sikuti miyendo inawakana ayi, vuto limakhala katundu. Wina wanyamula zovala za sabata ziwiri koma alibe chubu cha sipeya, wina wabereka chikwama chachikulu kumsana nde pofika masana msana ndi matako zapsa kale, winanso wagula njinga yokongola ya matayala a 29 osaganiza kuti ikaphulika pakati pa Benga ndi Nkhotakota chubu cha saizi imeneyo akachipeza kuti. Ndikulemba izi ndikuganizira msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Salima, kudutsa Nkhotakota, Dwangwa, Chintheche mpaka Nkhata Bay, makilomita pafupifupi 300. Mfundo yanga ndi imodzi basi, nyamulani zimene simungazipeze panjira, zimene zimapezeka pa tiledingi senta iliyonse zisiyeni kunyumba.

ZOFUNIKA KUKHALA NAZO

Za njinga:
- machubu awiri a saizi ya tayala lanu
- zigamba, soloshoni yosatsegulidwa ndi kasandipepa
- pampu yogwirizana ndi vavu ya machubu anu
- tizitsulo tiwiri kapena titatu totsegulira tayala
- sipanala 15, 10 ndi 8, ma alenikiyi 4, 5 ndi 6, pulayazi yaing'ono
- masipoko anayi kapena asanu ndi limodzi pamodzi ndi kiyi wake
- waya wa buleki umodzi, waya wa magiya umodzi, mphira za mabuleki
- cholumikizira tcheni, oyilo m'kabotolo ndi kansanza
- malegeni ambirimbiri, kawaya, mabawuti ndi manati a kaliyala
- kachidutswa ka tayala lakale, kotalika ngati chikhatho

Zogonera:
- neti ya udzudzu kapena tenti yaing'ono yotseka bwino
- bulangete lopepuka, kamatilesi kopyapyala, zitenje ziwiri
- chingwe cha mamita 10

Zovala:
- makabudula awiri opalasira, malaya awiri a manja aatali, zovala za madzulo, juzi imodzi
- helemeti, magalasi, nsapato zotseka ndi ma silipasi

Madzi, chakudya ndi mankhwala:
- mabotolo okwana malita 4
- WaterGuard, mapaketi a ORS ngati Thanzi
- mtedza wokazinga, chiponde, shuga ndi mchere pang'ono, supuni ndi kampeni
- panado, pulasitala, bandeji, Vaseline, mafuta othamangitsa udzudzu

Zina:
- chitupa cha unzika, lisiti ya njinga, ndalama zosinthasintha
- foni, tchaja, pawabanki
- tochi ya pamutu, getsi lofiira lakumbuyo, loko

1. YAMBANI NDI NJINGA, MUSANAGULE CHINA CHILICHONSE

Yang'anani manambala olembedwa m'mbali mwa tayala. Mukaona 26, muli pabwino, chifukwa ndi saizi ya njinga zambiri zamagiya komanso ya Buffalo. Mukaona 28 x 1½ ndi ya njinga zakuda zija za makolo athu ndipo zipangizo zake zili paliponse pamene pali akabaza. Koma mukaona 700c, 27.5 kapena 29, dziwani kuti chubu, tayala ndi sipoko muyenera kunyamula nokha kuchokera mu tauni, ndipo ine ndikanati muwonjezere chubu chachitatu.

Kenako vavu. Pali ya galimoto yonenepa ija, pali yopyapyala yokhala ndi kanati pamwamba, ndiye pali yachikale ija yolowa kamphira mkati. Pampu yanu iyeseni pa chubu chilichonse chimene mwagula, mupope mpaka chifufume, osangokhulupirira wogulitsa.

Sabata imodzi ulendo usanakwane pititsani njinga kwa wokonza amene mumamudalira. Awongole malimu, akunge masipoko onse, atsegule mahabu aone machaka ndi kupaka gilisi watsopano, asinthe mawaya a mabuleki ngati ayamba kusosoka. Tayala lakumbuyo likhale latsopano kapena loti likadali ndi mano, poti ndi limene limasenza inu ndi katundu yemwe.

Chenjezo: musakonzetse njinga dzulo lake la ulendo. Nati imene wokonza anaiwala kumanga imaonekera mukapalasa masiku awiri atatu, bola ionekere muli kwanu. Musasinthenso chishalo nthawi yatha, chishalo chatsopano chimafuna kuzolowerana nacho.

2. KALIYALA NDI ZIKWAMA

Katundu asenzedwe ndi njinga, osati msana wanu. Chikwama chakumsana chimakukanikizani pa chishalo tsiku lonse komanso chimasunga thukuta, ndipo kunyanjaku kutentha kwake mukukudziwa. Ngati muli ndi zikwama zenizeni zokoleka pa kaliyala zili bwino, ngati mulibe musadandaule, zikwama ziwiri za sukulu zolimba zofanana kukula zimagwira ntchito. Zilumikizeni malamba pamwamba pa kaliyala kuti china chilendewere uku china uku, ndiye mkati mwa chilichonse, mbali yoyang'ana ku tayala, muikemo kabolodi kopyapyala kapena pulasitiki yodula pa chigubu chakale kuti chikwama chisapindikire m'masipoko.

Kaliyala akhale wachitsulo womangidwa ndi mabawuti pa felemu. Uja wongogwira pa chitsulo cha chishalo yekha sapirira mabampu. Ubwino wa chitsulo ndi woti chikathyoka wowotcherera amapezeka pa Dwangwa kapena pa boma, pomwe aluminiyamu ikathyoka yathyoka.

Ine bawuti ya kaliyala inandipulumuka nditangodutsa pa Chia, pamene amagulitsa nsomba m'mbali mwa msewu paja. Ndinangomva njinga ikukoka mbali imodzi, poyang'ana mwendo wa kaliyala ukukhula tayala ndipo bawuti yagwa kale kaya kuti. Bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango anakhuthula kachitini kake konse pa saka, manati adzimbiri, makotapini, machaka, tikusankha limodzi ndi zala mpaka tinapeza imodzi yoloweramo movutikira. Anandithandiza ndi mtima wonse koma maola awiri a m'mawa wozizira anapita, ndipo ndinalowa mu Nkhotakota dzuwa likuswa mtengo. Chichokereni tsiku limenelo mabawuti anayi a sipeya amakhala m'kabotolo ka mankhwala m'chikwama changa, ndipo m'mawa uliwonse ndisanakwere ndimayesa onse ndi sipanala.

Chenjezo: malamba olendewera, m'mphepete mwa chitenje ndi nsonga za malegeni zonse zipindidwe. Lamba akalowa m'masipoko muli pa liwiro mumagwa pompo.

3. LONGEDZANI MWA DONGOSOLO

Zolemera pansi, zopepuka pamwamba. Zitsulo, chiponde ndi madzi osungira zikhale pansi pa zikwama zam'mbali, ndipo muzinyamule zikwama ziwirizo m'manja muone ngati zikulemera mofanana. Pamwamba pa kaliyala pakhale bulangete, neti ndi kamatilesi, zokulungidwa mu pulasitiki yolimba kenako mu saka, nde mumange ndi malegeni mopingasa. Malegeni odula pa chubu chakale cha galimoto amagwira kuposa chingwe chifukwa amatamuka, katundu sakhwefuka njinga ikamadumpha m'maenje.

Tenti kapena chinthu china chopepuka chachitali mutha kuchimangirira ku handulo kuti kutsogolo kukhaleko kolemera pang'ono, apo ayi pa chitunda tayala lakutsogolo limanyamuka. Koma onetsetsani kuti sichikufinya mawaya a mabuleki.

Zimene mumazifuna pafupipafupi monga foni, ndalama zochepa, mtedza, pampu ndi zigamba zikhale pamalo oti mutha kuzitenga osamasula katundu yense. Ndalama zigaweni pawiri kapena patatu, zina m'thumba, zina pansi pa chikwama.

Katundu yense, osawerengera madzi, yesetsani asapitirire makilogalamu 12 mpaka 15. Pitani naye pa sikelo ya ogula mbewu mukamuyeze ndithu. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndekuti malita 4 awonjezera makilogalamu 4 pamwamba pake.

4. ZIPANGIZO ZOKONZERA, NDI KUDZIWA KUZIGWIRITSA NTCHITO

Apa ndi pamene ndimafuna muchedwepo. Kunyamula sipanala osadziwa kuchotsa tayala lakumbuyo sikuthandiza. Musananyamuke khalani pakhonde tsiku limodzi, mutembenuze njinga, muchotse tayala lakumbuyo, mutulutse chubu, mubwezeretse, mupope. Chitani kawiri.

Likaphulika panjira, ikani chubu cha sipeya kaye, chobookacho mukamate madzulo mutakhala pansi. Koma musanaike chatsopano yendetsani zala pang'onopang'ono mkati mwa tayala monse kufufuza munga kapena kawaya kamene kanaboola. Ambiri amadumpha pamenepa nde chubu chatsopano chimabooka pamalo omwewo asanayende ndi kilomita imodzi yomwe. Pomata, khulani ndi sandipepa, pakani soloshoni pang'ono, dikirani iume mpaka isiye kunyezimira, kenako ikani chigamba ndi kukanikiza mwamphamvu. Kumata soloshoni ikadali yonyowa ndiye chifukwa chake zigamba zimamatuka.

Tayala likang'ambika m'mbali chubu nkumasuzumira kunja, kachidutswa ka tayala lakale kaja kalowetseni mkati potchinga pong'ambikapo, mupope mosakhwimitsa kwambiri, kakufikitsani pomwe mungagule lina.

Sipoko ikaduka musapitirize ngati palibe chachitika. Imodzi ikapita zinzake zimatsatira chifukwa katundu wake wagwera pa izo, ndipo limu imapindika. Ikulungeni pa inzake kuti isakole tcheni, yendani modekha mpaka kwa wokonza wapafupi, mumupatse sipoko yanu ya sipeya. Dziwani kuti pa njinga zamagiya masipoko a kutsogolo ndi a kumbuyo nthawi zambiri amasiyana kutalika, nde gulani moyeza. Amangirireni ndi tepi pa felemu kuti asapindike.

Cholumikizira tcheni chigwirizane ndi chiwerengero cha magiya akumbuyo, cha magiya 7 kapena 8 sichilowa bwino pa tcheni cha magiya 10. Oyilo pakani madontho ochepa madzulo ndi kupukuta, kunyanja kuli mchenga ndipo tcheni chonona kwambiri chimautola nkumadya magiya.

Chenjezo: soloshoni yotsegulidwa kale imauma yokha m'kachubu ngakhale ikuoneka yodzadza. Gulani yatsopano.

5. MADZI NDI CHAKUDYA

Mijigo ilipo yambiri m'midzi ya m'mbali mwa M5, choncho simukufunika chigubu cha malita 20. Chofunika ndi kusadutsa mjigo mabotolo ali theka. Perekani moni kwa amayi amene mwawapeza, pemphani, nthawi zambiri amakulolani kutunga msanga. Madzi amene mukuwakayikira thiranimo WaterGuard motsata muyezo wolembedwa pa botolo ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Madzi a m'nyanja ndi a mumtsinje osamwa osathira mankhwala.

Botolo limodzi likhale pafupi loti muzimwa mukupalasa, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, osadikira ludzu. Likulungeni ndi sokosi yonyowa, limazizirirako. Masana kukatentha sungunulani ORS mu botolo limodzi monga mwa malangizo a pa paketi, chifukwa thukuta limachotsa mchere m'thupi ndipo madzi okha sabwezera, mapeto ake minofu imakokana ndipo mutu umawawa. Mkodzo ukayamba kuoneka wachikasu kwambiri dziwani kuti mwatsalira pa kumwa.

Chakudya musanyamule chambiri. Nthochi, mandasi, zitumbuwa, mbatata yootcha, thobwa, tchipisi cha pa chiwaya, mpunga wa ku Nkhotakota, kondowole ndi usipa mukamayandikira kwa Atonga, zonsezi muzipeza panjira ndipo ndalama yanu itsala mwa anthu a komweko. Mbaula, mapoto ndi ufa zisiyeni. Chimene muyenera kukhala nacho nthawi zonse ndi chakudya cha mwadzidzidzi, mtedza, chiponde ndi buledi kapena mabisiketi, choti ngati mdima wakupezani kutali ndi msika mugone mutadya.

6. POGONA

Sankhani musananyamuke, mukagona m'ma resitihausi kapena panja? Ngati ndi m'ma resitihausi a ku Nkhotakota, Dwangwa ndi Chintheche tenti isiyeni, mwapepukidwa makilogalamu awiri kapena atatu. Koma neti yanu nyamulanibe pamodzi ndi chingwe, poti maneti a m'malo ogona ena amakhala obooka ndipo udzudzu wa kunyanja suchita masewera. Njinga lowani nayo m'chipinda, pemphani mwaulemu, ambiri sakana.

Ngati mukufuna kugona mu tenti musangokhoma patchire kapena pa mchenga mwa nokha. Fikani dzuwa lisanalowe, funsani kwa a mfumu kapena a nyakwawa, fotokozani kumene mukuchokera ndi kumene mukupita, akuonetsani malo. Kamphatso kochepa ngati shuga kapena sopo nkoyenera. Osagona pafupi ndi mathiriro a mitsinje ngati Bua ndi Dwangwa kapena m'mabango, kuli ng'ona ndi mvuu, ndipo posamba funsani eni dera malo amene iwo amasamba. Madzi odekha a m'mabango ndi amenenso mumatengeramo likodzo, mukabwerako ndi bwino kukayezetsa ku chipatala.

Chitenje musachiderere. Ndi thaulo, ndi chofunda, ndi mthunzi pomata tayala, ndi pilo mukakulungamo juzi.

7. THUPI LANU

Chimene chimagonjetsa anthu tsiku lachiwiri ndi matako. Kabudula akhale wopanda msoko wokhuthala pakati, ngati mwapeza uja wokhala ndi siponji mkati pa kaunjika tengani, ndipo amavalidwa popanda china mkati. Pakani Vaseline m'mphechepeche m'mawa musanakwere. Madzulo sambani, chapani kabudula wa tsikulo, mawa muvale winayo, wochapayo aumire pamwamba pa katundu mukuyenda. Jinzi ayi.

Malaya a manja aatali owala amateteza ku dzuwa kuposa kuvula. Mukamadutsa kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota pewani zovala zakuda ndi zabuluu chifukwa zimakopa kashembe.

Mukamva kutentha thupi, kuzizidwa kapena kuphwanya musangomwa panado nkupitiriza. Imani pa chipatala chapafupi akuyezeni malungo. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, shuga kapena ma ARV, nyamulani opitirira masiku a ulendo ndipo muwasunge pouma komanso posatentha.

8. FONI, MAGETSI NDI ZITUPA

Pawabanki ikhale yodzadza ponyamuka ndipo tchajani paliponse mwapeza magetsi, osadikira madzulo poti mutha kupeza athima. Ndalama zina zikhale pa Airtel Money kapena Mpamba, koma za m'manja zing'onozing'ono zikhalepo, mayi wogulitsa nthochi sangakusinthireni K5,000 m'mawa. Chitupa ndi lisiti ya njinga zikulungeni mu pulasitiki, pa rodibuloko akakufunsani musavutike. Wachibale mmodzi adziwe pamene mukagone tsiku lililonse, ndipo nambala yake muilembe pa pepala, foni ikhoza kufa.

Getsi lofiira lakumbuyo ndi chovala chowala ndi zofunika ngakhale mulibe pulani yoyenda usiku. M5 ndi wopapatiza m'malo ambiri, m'mbali mwake munadyeka, ndipo mumadutsa mabasi, mathiraki ndi zonyamula nzimbe cha ku Dwangwa. Mukamva chachikulu chikubwera kumbuyo kwinaku kutsogolo kukubweranso china, chokani mu tala muime. Kagalasi koonera kumbuyo ka pa handulo ndi kotchipa koma kamathandiza zedi.

9. YESANI ZONSE MUSANAPITE, NDIPO GAWANI MASIKU

Loweruka lomaliza mangani katundu yense monga mmene mudzamangire, madzi omwe, mupalase makilomita 30 kapena 40 pa msewu wa maenje ndi zitunda. Mvetserani chimene chikugogoda, onani ngati chidendene chikugunda chikwama, yesani mabuleki potsetsereka chifukwa njinga yolemera imachedwa kuima. Pobwera khuthulani zonse pa mkeka, chilichonse chimene mukuchikayikira chitsale, kupatula zokonzera njinga ndi mankhwala.

Masiku mutha kuwagawa chonchi: Salima mpaka Nkhotakota, makilomita opitirira pang'ono 100, ndi tsiku lalitali ndipo amene simunazolowere ligaweni pawiri mugone cha ku Benga. Nkhotakota mpaka Dwangwa ndi lalifupi, lopumulirako. Dwangwa mpaka Kande kapena Chintheche ndi lalitalinso. Lomaliza Chintheche mpaka Nkhata Bay ndi makilomita 40 okha koma muli zitunda, makamaka podutsa m'minda ya mitengo ya mphira ya Vizara, nde musaliderere.

Nyengo yabwino ndi May mpaka August, kukuzizira ndipo mwera umaomba kuchokera kummwera, ndekuti popita kumpoto umakukankhani kumsana. October ndi November kunyanja kumatentha koopsa. Nyamukani kukangoyera, cha m'ma 5:30, pumani pamthunzi kuyambira 11 mpaka 2 koloko ngati kwatentha, ndipo pofika 4 koloko mukhale mwafika pogona chifukwa miyezi yozizira mdima umagwa isanakwane 6.

ZOLAKWIKA ZIMENE ZIMACHITIKA KAWIRIKAWIRI

Kunyamula zovala zambiri. Makabudula ndi malaya awiri opalasira ndi chovala chimodzi cha madzulo zakwana, sopo wochapira amapezeka pa okala iliyonse.

Kupopa tayala mofewa poganiza kuti mabampu achepa. Ndi katundu kumbuyo tayala lofewa limapanidwa ndi limu mukagunda dzenje ndipo chubu chimabooka mabowo awiri oyandikana, ovuta kumata. Finyani matayala ndi chala m'mawa uliwonse.

Kudalira mnzanu kuti ndiye wanyamula pampu. Mukasiyana pa chitunda iye ali kutsogolo makilomita 5, pampuyo sikuthandizani. Aliyense akhale ndi chubu, zigamba ndi pampu yake, zogawana zikhale masipanala ndi tenti.

Kuthamanga tsiku loyamba chifukwa cha chisangalalo. Palasani pa giya yopepuka, pa liwiro loti mutha kucheza ndi mnzanu osapuma wefuwefu, mawondo adzafunikanso mawa ndi mkuja.

Kusiya njinga yomangidwa katundu panja pa lesitilanti osaiona. Ikhomeni loko pamene maso anu akufika, ndipo kachikwama ka foni, ndalama ndi zitupa lowani nako.

Kuiwala za pobwerera. Ngati mudzakweza njinga pa basi kapena minibasi sungani ndalama yake padera poti amalipiritsa ngati katundu, chotsani zikwama, magetsi ndi pampu musanaipereke, ndipo imani pomwepo pamene akuimanga muonetsetse kuti mbali ya magiya yayang'ana kumwamba ndipo sanaisanjikize matumba a mpunga pa masipoko.